Koma Mukuoneka Bwino, Mayi

Alipo mau ena amene amatuluka m'kamwa ngati moni wachifundo, koma akafika m'khutu la wodwala amakhala ngati chiŵeruzo. Mau ake ndi aŵa: “Koma mukuoneka bwino.” Munthu wodwala nthenda ya lupus amawamva kwa abale ake, amawamva kwa bwana wake kuntchito, ndipo potsiriza amawamva kwa Boma, limene limawalemba papepala ndi kudindapo chidindo. Ife tikuti mau ameneŵa akasanduka muyeso woperekera kapena kumanira chithandizo, pamenepo pachitika chosalungama, ndipo chiyenera kutchulidwa ndi dzina lake. Tinena za dziko la Britain, pakuti kumeneko kuli ana athu ambiri ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiponso pakuti lamulo la kumeneko n'lolembedwa poyera, kotero kuti munthu angathe kuloza ndi chala pamene lapotoka.

Tiyambe ndi nthendayo, popeza ambiri mwa ife sitinaimvepo ngakhale dzina lake. Lupus ndi liu la Chilatini lotanthauza mmbulu, ndipo madokotala akale a ku Ulaya anaitcha motero poona zilonda za kumaso zimene ankazifanizira ndi kuluma kwa chilombo. M'thupi mwathu muli asilikali olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa wodwala lupus asilikali ameneŵa amasokonezeka, natembenukira thupi lomwelo limene anayenera kuliteteza: khungu, mfundo za mafupa, impso, mapapo, mtima, magazi, nthaŵi zina ngakhale ubongo. Si nthenda yopatsirana, ndipo mankhwala oichiziratu sanapezeke. Mwa odwala 10 alionse, 9 ndi akazi, ndipo kaŵirikaŵiri imayamba pakati pa zaka 15 ndi 45, ndiye kuti pa msinkhu wobereka, wolera ana ndi wogwira ntchito. Akazi akuda imawagwira kwambiri kuposa azungu, ndipo mwa iwo imakonda kuthamangira ku impso.

Ena amatuluka zidzolo pamasaya ndi pamphuno zooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, koma ambiri alibe chizindikiro chimene mlendo angachione. Chimene pafupifupi onse amalira nacho ndi kutopa, kutopa kumene tulo sitikuchotsa, koti munthu amadzuka m'maŵa ngati wachezera kulima. Dzuŵa lomwe limaidzutsa nthendayi. Mankhwala ake odziŵika ndi hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine uja tinkamwa pa malungo, ndi prednisolone, amene amatupitsa nkhope, moti osadziŵa amayamikira kuti, “Mwanenepatu, zikukuyenderani.” Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la Lupus UK litafunsa mamembala ake, linapeza kuti kuchokera pamene munthu wayamba kumva zizindikiro kufikira pamene madokotala atchula dzina la nthendayo pamapita zaka zoposa 6, tikaŵerengera pakatikati. Koma khalidwe lake lalikulu, limene nkhani yathu yonse yatsamirapo, ndi lakuti imabwera ndi kupita. Imabuka, nigoneka munthu pamphasa masabata angapo, kenaka nizilala, mwiniwake nadzuka, nasesa m'nyumba, napita kumsika. Palibe amene angalosere tsiku limene idzabwerenso.

Tsono tione muyeso wa Boma. Kuyambira mu Epulo 2013, munthu wa zaka 16 kufikira msinkhu wa penshoni amene ali ndi ulumali kapena matenda amgonagona ku England ndi ku Wales amapempha chithandizo chotchedwa Personal Independence Payment, mwachidule PIP, ku unduna wa Department for Work and Pensions. Ndalama zimenezi siziyang'ana kuti munthu ali ndi chuma chotani, ndipo angathe kuzilandira ali pantchito, pakuti cholinga chake ndi kuchepetsa mtolo wa zinthu zimene wodwala amalipira pamene wamoyo salipira. Dzina la nthenda silipatsa munthu kanthu. Chimene amayesa ndi zimene munthuyo angathe kuchita pa ntchito 12: kuphika, kudya, kumwa mankhwala, kusamba, kupita kuchimbudzi, kuvala, kulankhula, kuŵerenga, kucheza ndi anthu, kusamala ndalama, kukonza ulendo, ndi kuyenda. Ntchito 10 zoyambazo zili m'gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku, ziŵiri zotsalazo m'gawo la kayendedwe. Pa ntchito iliyonse amapereka malikisi, monga kusukulu. Wopeza malikisi 8 m'gawo limodzi amalandira chithandizo chochepa, wopeza 12 amalandira chokulirapo. Mu Epulo 2025 gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku linaikidwa pa £73.90 kapena £110.40 pa sabata, gawo la kayendedwe pa £29.20 kapena £77.05. Vutolo liyenera kukhala litatha miyezi 3, ndipo likhale loyembekezeka kupitirira miyezi ina 9.

Tisanamize aŵerengi athu kuti lamuloli n'loipa lonse. Muli chiganizo china chanzeru, chimene chinaloŵetsedwa mu 2013 anthu aulumali atachita khama kuchimenyera. Chimati munthu aŵerengedwe kuti angathe ntchito pokhapokha ngati angaichite popanda ngozi, moyenera, mobwerezabwereza monga ifunikira, ndiponso m'nthaŵi yosapitirira kaŵiri nthaŵi imene wamoyo amatenga. Motero mayi amene angaphike nsima masana koma nagona tsiku lonse chifukwa cha kuphikako, mwa lamulo sangathe kuphika. Chiganizo chimenechi chikanatsatidwa mokhulupirika, madandaulo ambiri sakanakhalapo.

Pali chiganizo china, ndipo ndicho chimene tikulimbana nacho. Chimati vuto liŵerengedwe ngati limgwira munthu masiku oposa theka la masiku a chaka. Chaka chili ndi masiku 365, choncho pafunika masiku 183. Tiyerekeze mayi amene lupus imamgwetsa masiku 150 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi miyezi 5 yathunthu imene sangathe kumanga mabatani a bulauzi yake, sangathe kunyamula poto, sangathe kutuluka m'bafa popanda womgwira mkono. Pa masamu a lamulo mayi ameneyu angathe kutuluka wopanda kanthu, ngati kuti sanadwale. Kodi ndi bwana uti amene angasunge wantchito wojomba miyezi 5 pa chaka? Kodi lendi ya nyumba imaleka kuŵerengedwa m'miyezi imeneyo? Wolemba lamuloli anali ndi chithunzi cha munthu wodulidwa mwendo, amene vuto lake la Lolemba ndi lomwelo la Loŵeruka. Kwa ameneyo muyeso ukugwira ntchito. Kwa wodwala nthenda yobwera ndi kupita, muyesowo uli ngati kuyesa kuya kwa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Okutobala, n'kulengeza kuti anthu a ku Nsanje sadziŵa madzi osefukira.

Ngakhale amene masiku ake oipa akwana 183 ali ndi mtsinje wina woti aoloke, ndiwo tsiku la kupimidwa. Atadzaza fomu yaitali, munthu amaitanidwa kukaonana ndi wopima, maso ndi maso, pa telefoni kapena pa kanema. Wopimayo amakhala namwino, kapena katswiri woongola ziŵalo, kapena wantchito wina wa zaumoyo wolembedwa ndi kampani imene Boma laipatsa ntchitoyo, ndipo palibe lamulo lakuti akhale wodziŵa za lupus. Amaloledwa kulemba zimene waona ndi maso ake: m'mene munthu waloŵera pakhomo, m'mene wavalira, m'mene wanyamulira chikwama. Tsono taganizani. Tsiku limene nthenda yabuka, wodwala sangathe kukwera basi kupita kumeneko. Amapita tsiku limene wapezako bwino, ndipo tsiku limenelo ndilo limakhala mboni yomtsutsa.

Pano tiime pang'ono, pakuti pali chinthu chimene chimagwera ana athu koposa ena. Ife tinawalera kuti popita kwa akuluakulu munthu amasamba, nadzola mafuta, navala chovala chimene amasungira Lamulungu. Tinawaphunzitsa kuti wofunsidwa kuti “Muli bwanji?” amayankha kuti “Ndili bwino, kaya inu,” ngakhale mutu ukung'ambika, ndipo akavomera kwambiri amangoti “Pang'ono.” Tinawauza kuti mkazi amalimba mtima, kuti za kuchimbudzi ndi za kubafa sazinena kwa mlendo. Ulemu umenewu ndi chuma chathu, ndipo sitikuchita nawo manyazi. Koma m'chipinda chopimira, ulemu uliwonse umachotsa malikisi. Mayi akafunsidwa ngati amatha kuphika amati “Inde, ndimayesetsa,” osanena kuti amasenda anyezi atakhala pampando, kuti mpeni unamgwa m'manja kaŵiri, kuti ana anadya buledi masiku atatu. Wopima amalemba liu loyambalo. Muyeso umene umalanga munthu chifukwa cha kupirira kwake, numufuna kuti adzivule ulemu pamaso pa mlendo kuti akhulupiriridwe, suyenera kutchedwa wachilungamo.

Wina angati tikukokomeza. Umboni uli m'mabwalo a Boma lomwelo. Munthu akakanidwa amayamba wapempha undunawo kuti uonenso chigamulo chake, kaŵirikaŵiri m'kati mwa mwezi umodzi, ndipo pamenepa ambiri amakanidwanso. Akalimba mtima amapita ku bwalo la apilo loima palokha, kumene kumakhala anthu atatu: woŵeruza, dokotala, ndi munthu wodziŵa za moyo wa aulumali. M'zaka za 2019 mpaka 2024, mwa milandu ya PIP imene inamvedwa m'mabwalo ameneŵa, yoposa iŵiri mwa itatu iliyonse inakomera wodandaula. Ndipo ziŵerengero za undunawo zinaonetsa kuti ambiri sanapambane chifukwa chobweretsa mapepala atsopano ai. Bwalo linaona mfundo zomwe zija n'kugamula mosiyana, kapena linangomvetsera munthuyo akufotokoza yekha. Mphunzitsi amene mayeso ake aŵiri mwa atatu ochongedwanso amapezeka kuti anachonga molakwa sangakhalitse pasukulu. Nanga aja amene sanafike kubwalo, chifukwa miyezi yodikira ndi makalata osatha zinawathera mphamvu zimene nthenda inawasiyira? Amenewo saoneka m'chiŵerengero chilichonse cha opambana, ndipo madokotala amadziŵa kuti nkhaŵa yokha ikhoza kuidzutsa lupus.

Mu Malichi 2025 Boma la Britain linafuna kuonjezera mpanda wina. Linati kuyambira mu Novembala 2026, munthu asalandire gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku pokhapokha atapeza malikisi 4 kapena kuposa pa ntchito imodzi yokha. Onani m'mene zikanamgwera wodwala lupus. Nthenda yake simthyola pamalo amodzi, imamdya pang'onopang'ono ponseponse: malikisi 2 pa kuphika chifukwa afunika mpando, 2 pa kusamba, 2 pa kuvala, 2 pa chimbudzi. Onse pamodzi akwana 8, koma palibe 4 pamalo amodzi, choncho akanabwerera chimanjamanja. Aphungu ambiri a chipani cholamula cha Labour anaukira, ndipo pa 1 Julayi 2025 Boma linalengeza kuti lichotsa chiganizocho m'bilu yake, n'kupereka nkhani yonse ya kapimidwe m'manja mwa nduna Sir Stephen Timms kuti aiunike pamodzi ndi anthu aulumali, ndi lonjezo lakuti ntchitoyo idzatha chakumapeto kwa 2026. Tikuyamika aphungu amenewo. Koma maganizo amene anabala chiganizocho sanafe, ndipo ndi omwe aja akuti vuto losaoneka bwino ndi maso ndi vuto laling'ono.

Otsutsana nafe ali ndi mfundo ziŵiri, ndipo sitizithaŵa. Yoyamba ndi yakuti popanda mpanda wolimba, achinyengo adzadya ndalama za misonkho. Koma undunawo umayesa chinyengo chaka ndi chaka, ndipo m'malipoti ake a 2024 ndi 2025 ndalama za PIP zotayika mwa chinyengo sizinafike ngakhale paundi imodzi pa mapaundi 100. Yachiŵiri ndi yolemerapo: olandira PIP ku England ndi Wales anafika 3.7 miliyoni mu 2025, ndipo thumba la Boma lili ndi malire. Zoona. Koma ngati dziko laona kuti silingathe kuthandiza odwala onse, linene poyera m'Nyumba ya Malamulo kuti lasankha kusiya akuti ndi akuti, anthu aliŵeruze pa chisankho. Chimene tikukana ndi kusunga ndalama mwa kuuza mayi wodwala impso kuti sakudwala. Ndipo njira ina ilipo. Kuyambira mu 2022 dziko la Scotland lili ndi chithandizo chakechake chotchedwa Adult Disability Payment. Malikisi ndi omwewo, koma makampani sapima anthu, ndipo ofesi ya Boma imathandiza kusonkhanitsa umboni kwa madokotala ndi kwa amene amamdziŵa wodwalayo, n'kumuitana pokhapokha ngati pafunikadi kutero.

Enanso pakati pathu anganene kuti, “Aŵa akulira chiyani, pamene kwathu kuno chithandizo chotere kulibe n'komwe?” N'zoona kuti Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amayang'ana banja losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito, ndipo mayi wa m'tauni wodwala lupus sangadalire kuti adzafikiridwa. Koma njala ya m'nyumba mwathu silungamitsa muyeso wachinyengo wa pamsika wa mnzathu. Ndiponso tsiku limene maiko athu adzalemba malamulo otere, adzayang'ana kwa amene anayamba, ndipo n'kwabwino kuti tidziŵiretu zoyenera kusiya.

Tsopano tifike pa chinthu chimene mabanja ambiri kwathu sachidziŵa. Zonse tanenazi zikukhudza okhawo amene aloledwa kugogoda pachitseko. Ambiri mwa ana athu saloledwa. Mu Febuluwale 2022 Britain inatsegula njira yakuti anthu akunja akagwire ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo anthu a kuchigawo chathu chino anapita ambiri, kufikira njirayo itatsekedwa kwa ofunsira kuchokera kunja mu Julayi 2025. Pa chitupa chawo pali chiletso chozikidwa pa lamulo la 1999, chakuti sangalandire ndalama za chithandizo cha Boma, ndipo PIP ili m'gulu la zoletsedwazo. Amalipira msonkho mwezi ndi mwezi monga wina aliyense. Usiku ndi usana amasambitsa, kuveka ndi kudyetsa anthu amene Boma lawavomereza kuti ndi ofunika chithandizo. Koma mtsikana wa zaka 30 wogwira ntchito imeneyi, wa msinkhu ndi mtundu umene lupus imaukonda, akagwa, fomu ija siili yake. Kuchipatala adzathandizidwa, inde. Malipiro a wodwala ochokera kwa bwana, amene mu Epulo 2025 anaikidwa pa £118.75 pa sabata, amatha pakapita masabata 28. Ku England lupus siili pa mndandanda wa matenda olandirira mankhwala ulere, kotero kuti mu 2025 mtundu uliwonse wa mankhwala wolembedwa ndi dokotala unali £9.90 kwa amene alibe chiphaso cholipiriratu. Ndipo ntchito ikatha, chitupa chimafupikitsidwa, kaŵirikaŵiri kufika pa masiku 60, kuti apeze bwana wina kapena achoke m'dzikomo. Chiletsocho chimachoka munthu akapatsidwa chilolezo chokhazikika, ndipo mu 2025 Boma linalengeza maganizo otalikitsa nthaŵi yodikira chilolezocho kuchoka pa zaka 5 kufika pa 10. Munthu wotere amabisa matenda ake, namwa mankhwala oletsa ululu m'chimbudzi cha kuntchito, nabwerera kukanyamula nkhalamba ndi manja otupa. Dziko limene likufuna manja a mlendo pamene ali amphamvu, nkuwakana pamene atupa, liyenera kufunsidwa kuti linaitana munthu kapena khasu.

Komatu sitingaloze chala ku London chokhachokha, pakuti muyeso womwewo timaugwiritsa ntchito m'mabanja mwathu. Timaona chithunzi cha mwana wathu pa WhatsApp, nkhope yodzaza ndi prednisolone ija, titero: wanenepa, ali pabwino. Akachedwa kutumiza ya feteleza kapena ya fizi timati wayamba kunyada, waiŵala kwawo. Akanena kuti watopa timamkumbutsa kuti ife tikulima ndi khasu. Ena timafika pomuuza kuti kumeneko Boma limalipira odwala, ndiye akudandaula chiyani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ife sitinagone m'nyumba imeneyo. Wopima wa Boma amamuona ola limodzi, ndipo ali ndi chodzikanira chakuti sakumdziŵa. Ife tinambereka.

Amene ali ndi mbale wodwala lupus amene waloledwa kupempha PIP angamthandize ndi zinthu zogwirika. Amlimbikitse kusunga kabuku kolembamo tsiku ndi tsiku zimene walephera ndi nthaŵi imene zamtengera, pakuti masiku 183 aja amafuna umboni, ndipo kuuma kwa zala kwa m'maŵa kumene kumamlepheretsa kuvala pa nthaŵi yake kumaŵerengedwa ngakhale madzulo atapezako bwino. Apemphe kalata kwa dokotala wake wa matenda a nyamakazi yofotokoza zimene nthendayo imamletsa kuchita, osati dzina lake lokha. Asapite yekha kokapimidwa, pakuti lamulo limalola kupita ndi mnzake, ndipo mnzakeyo ndiye angakumbutse za mpeni uja unagwa. Akakanidwa asataye kalatayo m'dengu. Aone deti lake, aŵerenge mwezi umodzi, napite ku Citizens Advice, kumene amathandiza kulemba apilo popanda malipiro. Ndipo ife otsala kuno, pomuimbira telefoni Lamulungu madzulo, tisanatchule za feteleza, timfunse kuti mwezi uno ndi masiku angati amene walephera kudzuka, ndipo akayankha kuti “Pang'ono,” timfunsenso kachiŵiri.